Chitenje cha m'Bokosi la Zida

Ana inu mwandivutitsa mokwanira za chitenje chakale chimene chili pansi pa bokosi langa la zida. Mayi anu anachitayapo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinakachitola ndekha m'bini, aneba akundiyang'ana. Iwe Mphatso unauza mlongo wako kuti bambo ayamba kusokonekera chifukwa chopuma ntchito. Ndinamva. Mutu uli bwinobwino, mawondo ndiwo andikana. Tsono popeza nthawi ndili nayo, ndilembe za zaka zimene ndinkasamala makina otenthetsa nyumba kuno ku London, kuti tsiku logawana katundu wanga mudzadziwe chimene mukufuna kutayacho.

1986 mpaka 2001, Limbe

Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani ina yaing'ono ku Limbe yokonza mafuriji ndi maeyakoni. Ndinakhalapo zaka khumi ndi zisanu. Tinkayenda m'maofesi ndi m'nyumba za mabwana ku Namiwawa, kutsuka masefa, kutsegula timapaipi totaya madzi, kumvetsera ngati makina akulira bwino. Zipangizo zatsopano zinkasowa miyezi yathunthu, choncho sefa imene azungu akanaitaya ife tinkaichapa ndi sopo wa mtanda n'kuiyanika pa mpanda. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti makina ambiri safa ndi ukalamba, amafa ndi litsiro komanso kusowa mpweya. Sindinkadziwa kuti chiphunzitso chimenechi ndidzachifuna kudziko limene dzuwa lake limangowala osatentha.

Okutobala 2002, Wembley

Mayi anu anatsogola mu 2001 atapeza ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu ku Edmonton. Ine ndi inu tinatsatira chaka chotsatira. Tsiku limene tinafika iwo anali pa shifiti, ndiye amene anatichingamira ku bwalo la ndege anali a Zingani, mkulu wa mpingo wathu, amene ankagwira ntchito yosamala okalamba ku Woolwich. Anandipeza ndikunjenjemera m'kajekete ka suti kamene ndinkanyadira nako ku Blantyre. Sanaseke. Anavula chikhothi chawo chachikulu chabuluu n'kundiveka ngati mwana, nati, "Mphwanga, kuno suti ndi ya m'nyumba." Miyezi itatu ndinkasesa m'maofesi, mtima ukuwawa, mpaka a Zingani omwewo ananditengera kwa mzungu amene ankakonza maboila kuntchito kwawo. Anamuuza kuti, "Munthu uyu ndi wanga, manja ake ndimawadziwa." Anali asanandionepo nditagwira ngakhale sipanala. Zimenezi muzisunge, chifukwa popanda izo simungamvetse chimene chinandivuta patsogolo pake.

Mzunguyo anali a Brennan, wa ku Ireland, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima ndiponso wosachedwa kuiwala. Malo awo anali kuseri kwa njanji ku Wembley, pafupi ndi pamene ankagwetsa bwalo lakale la mpira. Anandifunsa kuti kwathu ndinkagwira ntchito yanji. Ndinati ndinkachotsa kutentha m'nyumba za anthu. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Kuno kulibe kutentha koti uchotse. Tenga chikwama icho." Ndipo ndinanyamuladi chikwama, ine munthu wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, chifukwa lamulo silinkandilola kukhudza paipi ya gasi ndisanalembe mayeso n'kulandira khadi. Zinkandinyansa, sindibisa.

Koma a Brennan anali mphunzitsi, ngakhale ankaphunzitsa mokalipa. Boila ndi mbaula ya gasi imene imatenthetsa madzi, madziwo n'kumazungulira m'zitsulo zofunditsa zipinda zotchedwa maradiyeta. Kamodzi pa chaka imayenera kutsegulidwa, kupukutidwa mwaye, kuyesedwa ngati sikudontha gasi, ndi kuonedwa ngati utsi wake ukutuluka panja. Maboila akale a nthawi imeneyo ankakoka mpweya m'chipinda momwemo, choncho pakhoma pankakhala bowo lotchingidwa ndi tizitsulo, lolowetsa mpweya wa panja. A Brennan sankalola munthu kutsegula bokosi la zida asanazungulire nyumba. Ankati, "Uone chumuni, uone bowo la mpweya, ukalowa uone nkhope za eni nyumba. Boila uione pomaliza." Lawi labwino ndi labuluu, loima njo. Likakhala lachikasu, laulesi, ndiye kuti likutulutsa mpweya woipa umene sununkha, suoneka, umangogoneka munthu tulo tosadzuka. Makina oyezera mpweya umenewu tinali nawo amodzi okha pa amuna asanu ndi mmodzi. Tinkawatcha adokotala, ndipo tinkakanganirana m'mawa uliwonse. Tsiku limene adokotala apita ndi wina, unkadalira maso ako ndi timachesi tofuka utsi.

Ogasiti 2003

Chaka chimenecho London inatentha mpaka azungu ankagona m'mapaki masana ngati abuluzi. Ife a ku Malawi tinkangoti lero ndiye kwacha bwino. Tsiku lina kasitomala wa a Brennan, mkulu wina wolemera wa chakumpoto kwa Wembley, anaimba foni kuti eyakoni ya m'chipinda cha mkazi wake wodwala yasiya kuziziritsa, ndipo makampani onse amuuza kuti adikire masabata atatu. Tinapita atatu. A Brennan ndi mnzawo anaima pansi pa makinawo akukanda m'mutu, kenako anayamba kunena zoti pafunika atsopano. Ine ndinatsokomola n'kupempha makwerero. Nditatsegula, sefa inali yokhuthala fumbi ngati chikopa cha mbuzi. Kapaipi kotaya madzi kanali kotsekeka ndi ndere, ndipo makina a panja anali odzaza masamba ndi nthenga za nkhunda. Ndinachapa sefa ija m'bafa la bwanayo monga tinkachitira ku Limbe, ndinapopa kapaipi, ndinasesa panja. Ola lisanathe mayi wodwala uja anapempha bulangete.

M'galimoto a Brennan anayendetsa mpaka pa maloboti achiwiri. Kenako anati, "Kachingwe, wakhala ukundinyamulira chikwama miyezi isanu ndi iwiri uli ndi zimenezi m'mutu?" Ndinati simunandifunse, bwana. Anatukwana pang'ono m'chilankhulo chawo, ndipo sabata yotsatira anandilembetsa sukulu ya gasi. Ndinakhoza mayeso onse ulendo woyamba. Mu 2004 ndinalandira khadi langa ndi vani yangayanga, ndipo ndinaiyendetsa kuzungulira msewu wathu ku Edmonton katatu kuti aliyense aone. Mukukumbukira, munabisala ndi manyazi. Pondipatsa makiyi a Brennan anati, "Kuyambira lero dzina la pa pepala ndi lako. Usadzasaine chinthu chimene sunachione ndi maso, ngakhale akupemphe ndi mayi ako."

Januwale 2006, Woolwich

Linali Lachisanu, kozizira kwambiri moti madzi anali ataundana pa galasi la vani. Pa mapepala a tsikulo ndinaona adiresi ya a Zingani. Nyumba yawo inali ya lendi, ndipo mwini wake ankatituma ife chaka ndi chaka kukayendera boila n'kulemba setifiketi. Ndinasangalala. Mwana wawo Tadala anali atabereka mwana wamkazi masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo, mwamuna wake ali ku Malawi kudikira mapepala. Popeza a Zingani anali ofedwa, mlongo wawo wamkulu, a Nachisale, anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzasamala chikuta. Ndinagula shuga ndi buledi, ndinawoloka mtsinje pa pantoni ya ku Woolwich, ndinafika cha m'ma leveni m'mawa. Adokotala tsiku limenelo anali ndi munthu wina.

Ananditsegulira ndi a Nachisale, mayi wamtali, atavala majuzi awiri ndi duku. Tinapatsana moni wautali, ndinapereka mafuno abwino, analandira shuga ndi manja awiri. Nditati ndabwera kudzaona boila, anafunsa kuti ili kuti. Boila ya nyumba imeneyo inali ya mtundu wakale, yobisika kuseri kwa hita ya gasi pabalaza, utsi wake n'kumakwera m'chumuni. Nditaloza chitseko cha pabalaza, nkhope yawo inasintha. "Mmenemo ndi m'chikuta, bambo. Tinasamutsiramo mwana chifukwa ndimo mofunda. Mchombo sunagwe. Mwamuna salowamo."

Inu obadwira m'zipatala n'kukulira kuno mwina simudziwa. Kwathu mwana akabadwa amakhala m'nyumba ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa, ndipo munthu amene akukhala malo amodzi ndi mkazi wake amatchedwa wotentha, sayandikira khandalo kuti lingadwale. Ine mwambo umenewu ndinakulira momwemo, sindinkauona ngati nthabwala. A Zingani anatsika kuchokera m'mwamba, maso ofiira chifukwa anali ataweruka m'mawa womwewo. Atamva nkhaniyo anaseka, nati, "Mphwanga, achemwaliwa ngakhale ine sandilola kusuzumira. Boila ikugwira ntchito, simukumva kufunda? Ingosainani pepalalo, mudzabwere pakatha masabata awiri tidzamwe tiyi." Ndinakana kusaina, koma ndinavomera zobweranso. Ndinatsanzika, ndinatuluka.

Chimene chinandibweza ndi chizolowezi cha a Brennan. Ndinali nditafika mosangalala n'kuiwala kuzungulira nyumba, ndiye pobwerera ku vani ndinati ndizungulireko. Mazenera a pabalaza anali akuchucha madzi mkati. Ndinagwada pa bowo la mpweya, ndipo kuseri kwa tizitsulo ndinaona nsalu ya maluwa achikasu ndi obiriwira, yokanikizidwa zolimba. Ndinayang'ana kudenga. Pa chumuni sipankatuluka ngakhale kanthunzi, kunja kukuzizira chonchija, moto ukuyaka mkati.

Ndinagogodanso. Ndinafunsa a Nachisale ngati akumva mutu. Anati inde, chifikireni pabalaza paja mutu ukuwawa ndipo akumangosinza, koma ndi mphepo ya kuno. Ndinati, "Amayi, ndikupempha ndilowe. Mwana sindimukhudza, sindimuyang'ana." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandifunsa mosapsatira ngati ndinali wotentha, monga amafunsira amayi akuluakulu. Ana inu mwakula, mundikhululukire. Ndinayankha kuti, "Amayi, akazi anga ali pa ntchito ya usiku sabata yachiwiri ino. Ine ndikamalowa iwo akutuluka, timapatsana moni pa khomo. Ndine wozizira kuposa furiji." A Zingani anaseka. A Nachisale sanaseke, koma anapatuka pa chitseko.

M'chipindamo munali motentha ndi molemera. Pansi pa chitseko anali atayalapo thaulo, m'mphepete mwa mazenera atamatamo nyuzipepala. Matiresi anali pansi, pafupi ndi hita, Tadala atagona ndi mwana pambali. Ndinagwada n'kuchotsa chivundikiro cha pansi. Lawi la boila linali lachikasu, likugwedezeka ngati la koloboyi, ndipo khoma la pamwamba pa hita linali lakuda ndi mwaye. Ndinasolola nsalu ija pa bowo, chinali chitenje chathunthu, ndipo ndinatsegula zenera. A Nachisale anati, "Mukufuna kundiphera mwana ndi chibayo?" Ndinayatsa kamachesi ka utsi n'kukaika pakamwa pa chumuni. Utsi umayenera kukokedwa kupita kumwamba. Uwu unabwerera kumaso kwanga. Ndinayesanso kachiwiri, unabwereranso. Chumuni inali yotsekeka, ndipo masiku onsewo mpweya woipa unkatsikira m'chipinda momwe munagona khanda. Ndinazimitsa moto n'kutseka gasi.

Ndinafunsa Tadala mmene akumvera, nditatembenukira kukhoma monga ndinalonjezera. Anati, "Ankolo, mutu ndi mseru, masiku anayi tsopano. Ndikapita kukasamba m'mwamba ndimapezako bwino." Ndinafunsa za mwana. A Nachisale ndiwo anayankha, monyadira. "Ameneyu ndi mwana wofatsa. Salira n'komwe. Timachita kumudzutsa kuti ayamwe, akayamwa pang'ono wagonanso." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Ndinaimbira mayi anu, ndinawadzutsa, ndinawafotokozera. Anangoti, "Atuluke m'nyumbamo, apite kuchipatala, pompano. Usakambirane ndi munthu."

Lamulo la ntchito yathu linali lakuti ukapeza boila yoopsa chonchi, upemphe chilolezo kwa mwini khomo kuti udule paipi n'kuitseka ndi chitsekero, kuti wina asayatsenso. Akakana, uimbire anthu a gasi oona zangozi, amene ali ndi mphamvu yodula gasi wa nyumba yonse, afune asafune. Ndinatengera a Zingani kukhitchini n'kuwapempha. Anati ayi. Anati lero ndi Lachisanu, mwini nyumba sayankha foni mpaka Lolemba, ndipo akayankha adzatenga sabata. Nyumba yopanda moto mu Januwale, muli khanda. Anati mwachotsa kale chitenjecho, basi vuto latha, madzulo ndiyatsa ndekha pang'ono. Ndinawauza kuti vuto si chitenje chokha, chumuni yatsekeka. Anati nanga chaka chonsechi bwanji sitinafe. Ndinawauza kuti chaka chonsechi palibe amene ankagona mmenemo atatseka ming'alu yonse. Pamenepo anatsitsa mawu. Anati anthu a boma akalowa m'nyumba muno ayamba mafunso, alemba kuti tinagoneka mwana pangozi, ndipo kuno ana amalandidwa. Mantha amenewo tonse tinali nawo masiku amenewo, sindingawanene kuti anali opusa. Kenako anandigwira pa mkono wa chikhothi, chikhothi chawo chomwe chija, chimene ndinkavalabe kuntchito. "A Kachingwe, ndinakulandirani ndine m'dziko lino. Ntchito imene mukundiopseza nayoyi ndinakupezerani ndine. Lero mundiitanire azungu pakhomo panga?"

Ndinapita kukakhala m'vani, foni ili m'manja. Ndikuuzeni zoona, ndinaganiza zowamvera. Ndinaganiza zongomata pepala lochenjeza pa hita n'kuchoka, ndidzati ndinawauza. Ndinkadziwa kuti ndikaimba, Lamulungu mpingo wonse udzamva kuti Kachingwe wapeza khadi la azungu ndiye wayamba kuneneza abale ake. Kwa munthu wokhala kunja, mpingo ndiwo mudzi, ukakutaya ulibenso kwina. Koma ndinkawadziwanso a Zingani. Kukada, kuzizira kukalowa m'mafupa, mlongo wawo akadandaula, akanayatsa. Akanayatsa chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Ndinaimbira ambulansi, kenako anthu a gasi. Nambala yachiwiri ndinailakwitsa kawiri. Ndinabwerera m'nyumba n'kuwauza a Zingani pamaso kuti ndaimba. Anangondiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo.

Kunatsala a Nachisale. Anaima pa chitseko cha pabalaza, manja m'chiuno. "Mwana satuluka mchombo usanagwe. Ine ndalera ana asanu ndi atatu, sindinatulutsepo mwana wa masiku asanu ndi limodzi pa mphepo." Ndinayesa kuwafotokozera za gasi, za chumuni, za mpweya wosaoneka. Ndinaona kuti mawu anga akungowadutsa, anali mawu a m'buku la mayeso. Ndiye ndinagwada pansi, monga timachitira polankhula ndi akulu, ndinati, "Amayi, kwanu ku Ntcheu kumazizira mu Juni. Kodi mumagona ndi mbaula ya makala m'nyumba, mutatseka chitseko ndi mazenera?" Anati, "Ndani angachite zopusa zimenezo?" Ndinati, "Chimene chili kuseri kwa hita iyi ndi mbaula, amayi. Yakhala ikuyaka masiku asanu ndi limodzi, ndipo utsi wake ulibe kotulukira. Mutu mukumvawo ndi womwe uja wa makala. Mwanayu sikuti ndi wofatsa."

Manja anatsika m'chiuno. Anati, motsitsa, "Ku Lizulu tinaika anthu atatu tsiku limodzi, bambo ndi ana ake awiri. Tinachita kuthyola chitseko. Anali ngati agona." Anatembenuka, analowa, anamunyamula mwana uja okha n'kumufunditsa mabulangete awiri. A Zingani anali ataima mu kanjira kopita kukhomo, akuyamba kunena kuti achemwali tadikirani. A Nachisale anati, "Iwe, choka apo." Mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi limodzi anapatuka ngati kamwana. Ine ndinavula chikhothi chija n'kumufunditsa Tadala, ndipo tinadikira ambulansi panja, pa mphepo yomwe ankaiopayo.

Febuluwale ndi Malichi 2006

Kuchipatala anayeza magazi n'kupeza mpweya uja mwa onse atatu. Mwana anamuika pa makina a mpweya wabwino masiku awiri. Dokotala wina anauza Tadala kuti anachita mwayi kubwera tsiku limenelo, sananene zambiri, ndipo panalibe amene anafunsa mafunso amene a Zingani ankawaopa. Wosesa chumuni atabwera anatulutsa chisa chakale cha mbalame chimene chinagwera mkati, ndowa yathunthu ya timitengo ndi mwaye. Mwini nyumba anakakamizika kuika boila yatsopano kukhitchini, yokoka mpweya wake panja. Pamene zimenezi zinkachitika, Tadala, mwana ndi a Nachisale anakhala kwathu ku Edmonton masiku asanu ndi anayi. Inu munagona pabalaza, chikuta chinasamukira m'chipinda chanu, ndipo mchombo unagwera m'nyumba mwathu. Dzina anamupatsa Pemphero.

M'mawa wa tsiku lachiwiri ali kwathu, tikumwa tiyi, mwana uja analira. Sikunali kulira kwa masewera. Anakuwa mpaka aneba a m'mwamba anagogoda pansi. A Nachisale anatuluka naye akumugwedeza, misozi ikutsika, akuseka nthawi yomweyo, akuti, "Tamumvani, tamumvani mwanayu." Iwe Mphatso unatseka makutu n'kufunsa kuti achoka liti anthuwa. Ine ndinalephera kumaliza tiyi, ndinapita kukaima m'bafa.

A Brennan anawerenga lipoti langa ataimirira. Anafunsa kuti nyumbayo si ya mnzako uja anakubweretsa kuno? Ndinati ndi yomweyo. Lolemba lotsatira ndinapeza bokosi pa mpando wa vani yanga, muli adokotala atsopano, dzina langa atalilemba pamwamba ndi penti.

Koma a Zingani sanandilankhule. Anakhala okha m'nyumba yozizira ija, anakana kubwera kwathu. Kutchalitchi ankandidutsa ngati mpando. Ena anayambadi kunong'ona zimene ndinkaziopa zija, ndipo bambo wina anandifunsa pa khomo la tchalitchi ngati ndabwera ndi foni yanga yoitanira azungu. Zinandipweteka kwambiri, masabata asanu ndi awiri. Amene anathetsa nkhaniyi ndi a Nachisale. Lamulungu lina ataweruka mapemphero anaimirira pa msonkhano wa amayi popanda wowapempha, nafotokoza zonse, kuyambira chitenje mpaka anthu atatu a ku Lizulu. Anamaliza ndi kufunsa kuti ndani mwa inu sanatseke bowo lija kunyumba kwake. Mayi anu akuti manja amene anakwera anali awiri okha.

Sabata imeneyo foni yanga sinapume. Ndinayenda m'nyumba za anthu akwathu Loweruka lililonse mpaka Isitala, ku Woolwich, ku Edmonton, ku Wembley. M'mabowo a mpweya ndinasololamo masokosi, nyuzipepala, matewera, chipewa cha mwana. Tonsefe tinachokera kumene bowo pakhoma ndi chinthu chofunika kumata, ndipo palibe anatiuzapo kuti kuno bowo limenelo ndi mphuno ya nyumba. Mayi wina wa ku Lusaka anandiimbira nati, "Ba Kachingwe, bwelani muone, ise tinaikapo kalenda ya chechi, manje mutu ubaba daily." Kwa iyeyo ndinapezanso lawi lachikasu. Bambo uja wa nthabwala ya foni, kwake ndinasololako kabudula.

Chakumapeto kwa Malichi, a Nachisale atatsala pang'ono kubwerera kumudzi, ndinamva kugogoda Loweruka masana. Anali a Zingani, atanyamula kaphukusi m'pepala la pulasitiki. Anakana kukhala pansi. Anati, "Achemwali andituma. Akuti achichapa katatu koma chakana." Chinali chitenje chija. Pakati pake panali chidindo chakuda cha makona anayi, mizere ya tizitsulo ta pa bowo ikuoneka bwinobwino. "Akuti muzigwadira pamenepa pogwira ntchito, mawondo angathe." Ndinalandira ndi manja awiri. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana nsapato zawo. Kenako anati, "Boila yatsopano ija akuti iziyenderedwa chaka ndi chaka. Ndawauza kuti asanditumizire munthu wina." Ndinati ndamva, akulu. Analowa, anamwa tiyi, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda.

2009 ndi zaka zotsatira

Mu 2009 a Brennan anapuma, ndipo makasitomala awo a kum'mwera kwa mtsinje anandisiyira ine. Ndinalemba dzina langa pa vani, zilembo zikuluzikulu. Maboila akale aja anapita akutha, kunabwera atsopano okhala ndi timagetsi tambirimbiri, ndipo nyengo yotentha anthu anayamba kundiitanira maeyakoni, moti ntchito ya ku Limbe inandipezanso ku ukalamba. M'nyumba iliyonse, ya mzungu, ya mmwenye, ya munthu wakwathu, ndinkayamba ndazungulira panja, ndikalowa n'kuyala chitenje chija pansi, n'kugwadapo. Mawondo anathabe, a Nachisale anandinamiza pamenepo. Koma pa zaka zonsezo sindinasainepo pepala la chinthu chimene sindinachione, ndipo palibe nyumba imene ndinaigwira imene munatuluka maliro a mpweya. Zimenezi ndimazinena mosadzichepetsa, amene akufuna kunditcha wodzitama anditche.

Tsono chitenjecho musachitaye. Ndikadzapita mukachipereke kwa Pemphero, nkhani yake akuidziwa. Ndimakumvani mukamadandaula kuti mtsikana ameneyu akabwera kuno salola munthu wina kulankhula, amatsutsa aliyense, amaseka mokweza mpaka mayi anu amatseka mazenera. Musiyeni alongolole. Ine ndinamuona ali chete.